Tsiku Limene Katundu Anatilankhula Mwaulemu

Uthengawo unalowa Lolemba cha m'ma teni koloko m'mawa, ine mashini ali m'manja, mutu wa kasitomala nditaumeta mbali imodzi. Foni inali pashelefu pansi pa galasi, ndipo ndinangoisuzumira ndikuganiza kuti ndi zopusa zathu za masiku onse. Unachokera kwa Katundu.

"A Dazi, a Jakisoni, a Mabuleki, zikomo kwambiri chifukwa cha zaka zonsezi. Pomwe ndinakulakwirani mundikhululukire. Zinthu zanga ndagawa, aliyense aone kwake. Tsalani bwino."

Ndinaseka. Eya, ndisakunamizeni, ndinaseka ndithu mpaka kasitomala uja anatukula maso pagalasi n'kufunsa ngati mutu wake ndi umene ukuseketsa.

Kuti mumvetse chimene ndinkaseka, ndiyambe ndakuuzani za ife. Tinali anthu anayi mu timu ya gemu ya nkhondo ya pa foni, ija mumalowa anayi mbali ino, anayi mbali inayo, n'kumawomberana uku mukulankhulana pa mahedifoni. Zaka zitatu tikusewera limodzi, masana pa nthawi yopuma komanso Lamlungu likapendeka dzuwa, koma nkhope osadziwana. Ine anandipatsa dzina la Dazi tsiku limene ndinaulula kuti ndimameta anthu pamene mutu wanga uli mbee, wopanda ndi tsitsi limodzi lomwe. Jakisoni ndi namwino, mayi wa lilime lobaya kuposa singano zake. Mabuleki amayendetsa lole, ndipo pa gemu sadziwa kuima, amangolowa pamoto ngati ngumbi. Nanga Katundu? M'chilankhulo chathu katundu ndi munthu wosatha kusewera, amene anzake amachita kumusenza kuti timu ipambane. Anabwera ali wotero, ndipo dzinalo linamumatirira ngakhale pambuyo pake anatiposa tonse.

Kwa ife kutukwana unali moni. Wachilendo tinkamutcha khanda, amene tamutumiza kutsogolo kuti adani aonekere anali nyambo, woyamba kugwa anali mtembo mpaka gemu yotsatira. Galu, mbuzi, chidzete, zimenezo zinali ngati mchere basi, ndipo zina sindingazibwereze pano. Munthu akakutukwana ndiye kuti ndiwe wake. Ulemu tinkasungira alendo amene tikufuna kuwachotsa mu gulupu: tikayamba kumunena munthu kuti "inu achimwene", aliyense ankadziwa kuti ameneyo sagona. Ndipo tinali ndi lamulo limodzi lokha, limene ndinakhazikitsa ndine ndemwe: zakunyumba zimatsala pakhomo. Dzina lenileni ayi, nambala ya foni ayi, chithunzi ayi, madandaulo ayi.

Ndiye munthu amene nthawi zonse ankanena kuti mutu wanga ndi bondo la njovu akulemba kuti "a Dazi"? Ndinati ndi nthabwala yatsopano.

Kenako ndinatsegula gemu ija ndi chala chimodzi, ndipo kuseka kunandiuma pakamwa. M'nkhokwe mwanga mosungira zida munali mfuti yake yagolide. Mfuti imeneyo Katundu anaivutikira zaka ziwiri, ndipo ankati ngakhale nyumba itapsa ayamba wapulumutsa iyo. Kadontho kobiriwira ka pambali pa dzina lake kanali katazima. Anali atatulukanso mu gulupu.

Pomwepo Jakisoni anaimba kudzera m'chipinda chathu cha mawu.

"Dazi, waona?"

"Ndaona. Galu ameneyu wayamba masewero anji?"

"Tseka pakamwa umve." Mawu ake anali achilendo, opanda nthabwala ngakhale pang'ono, ndipo kumbuyo kwake ndinkamva mawilo a bedi la odwala. "Ine ntchito ino ndagwira zaka khumi ndi zinayi. Munthu akagawa zinthu zimene amazikonda, n'kupepesa, n'kutsazika, sakhala akusintha gemu. Ukundimva? Dzulo unamuuza chiyani nditatuluka?"

Ndinazimitsa mashini.

Dzulo lake, Lamlungu, tinali pa mpikisano umene tinaukonzekera mwezi wathunthu. Katundu anali atasowa sabata yonse osanena kanthu, ndipo atabwera anasewera ngati wagwira foni ndi mapazi. Pa gemu yomaliza anangoima pakati pa bwalo, chiimire, adani n'kutimaliza tonse. Jakisoni anatukwana kamodzi n'kuthamangira kuntchito. Ine ndinapsa mtima zenizeni, ndipo mtima wanga ukapsa pakamwa sipakhala chitseko. Katundu anali ndi mwana wamng'ono amene ankakonda kulira tikamasewera Lamlungu, ndipo tinkamutcha Sairini, poti ankalira ngati ambulansi. Ndiye ndinati, "Lero Sairini yako yazima, nanga chakusokoneza n'chiyani? Mbuzi iwe, kadzikhweze utipepukitse."

Musandiyang'ane choncho. Mawu amenewo pa gemu amanenedwa kakhumi pa tsiku, ndipo ali ndi yankho lake lodziwika: "Yamba ndiwe, ine ndibwera pambuyo." Katundu wandiyankhapo motero kosawerengeka. Koma dzulo lija anangoti, "Chabwino."

Nditamufotokozera, Jakisoni sananditukwane. Ndinkalakalaka atanditukwana.

"Tizikambirana zimenezo tsiku lina," anatero. "Panopa tim'peze. Uli ndi nambala yake?"

"Ndiitenge kuti? Lamulo lija..."

"Lamulo lako lija, eti. Mabuleki ali pamsewu, netiweki kulibe. Ine ndili mzinda wina, ndipo ndili ndi odwala makumi atatu. Taganiza, Dazi. Zaka zitatu ukumunyoza munthu, sungadziwe kanthu za iye?"

Ndinaima pakati pa shopu, thukuta lili kamukamu padazi panga. Ndipo zoona, zonse zimene ndinkadziwa za Katundu zinali m'matukwano. Tinkamunena kuti amaweta njoka chifukwa masana pa mayiki yake pankamveka fwii, fwii, mpaka tsiku lina anakwiya n'kunena kuti ndi nthunzi ya ayironi, anthu ena amagwira ntchito. Ndiye kuti amasita zovala, pamalo ochapira. Tinkamunenanso kuti amagona pansi pa sitima. Apa ndinakumbukira chinthu chimene ndinachizindikira kalekale n'kuchisunga. Sitima ya katundu ya masana imalira pamphambano ya kuseri kwa shopu yanga, ndipo pakapita mphindi ngati zisanu ndinkaimvanso ikulira m'mahedifoni, kudzera kwa iye. Ine ndi munthuyo tinali mumzinda umodzi, pa njanji imodzi. Sindinamuuzepo, poopa kuti tsiku lina adzabwera kudzameta ndipo ndidzayenera kumulankhula ngati munthu.

"Thamanga," anatero Jakisoni. "Foni usatseke."

Ndinavula epuloni. Kasitomala uja anatembenuka ndi mutu wake wa mbali imodzi.

"Aise, ndiye ine ndipite chonchi?"

"Bwana, mundikhululukire, akumalizani mnzangayu."

Mnzanga wa mpando wachiwiri anangoti kukamwa yasa. Ndinatuluka osatseka ndi kabati yomwe, n'kuimitsa wanjinga yamoto, ndipo ndinamuuza kuti atsate msewu wa m'mbali mwa njanji, kulowera kumene sitima ya masana imapita, aziima paliponse pamene pali chikwangwani cha ochapa zovala.

Malo oyamba anali kachipinda kokhala ndi mashini awiri ndi bambo wina akuwerenga nyuzipepala. Nditatsegula pakamwa m'pamene ndinazindikira kuti ndilibe funso.

"Ndikufuna munthu amene amasita kuno."

"Dzina?"

"Sindikulidziwa."

"Ndi wotani? Wamtali, wamfupi?"

"Sindinamuonepo."

Bamboyo anapinda nyuzipepala pang'onopang'ono. "Achimwene, mwamwa chiyani m'mawa uno?"

Tsiku lina lililonse ndikanamuyankha zoti akakumbukire mpaka Khirisimasi ya ana ake, koma ndinangotuluka. Malo achiwiri ositawo anali amayi okhaokha. Nthawi inali itadutsa leveni. Msewu unayamba kukumbika, nyumba zikuchepa misinkhu, mipanda ya malata ikuyandikira njanji. Jakisoni ankangoti akapeza mpata, "Wafika pati?" ndipo ine ndinkayankha kuti pafupi, ngakhale sindinkadziwa kuti pafupi ndi chiyani. M'mutu mwanga munkangobwerera liwu limodzi lija, chabwino, mmene analinenera mofatsa ngati munthu amene wapatsidwa chilolezo. Ndinachita mantha amene sindinachitepo chibadwire.

Malo achitatu anali pafupi ndi mphambano ina ya njanji, kuseri kwa ogulitsa matayala. Nditangolowa ndinamva fwii. Munali motentha, mukununkha sopo ndi nsalu yopsa, malaya atapachikidwa m'mapulasitiki mzere wonse. Mayi mwini malowo ankapinda mashiti a pabedi ndi mtsikana wina, wina mbali ino wina mbali inayo.

"Mayi, pepani. Kuno kuli bambo amene masana amavala mahedifoni n'kumasewera pa foni?"

"Amene amatukwana yekha kuseri kwa thanki?" Anasiya kupinda. "Wosita wanga wamtali uja. Inu ndinu ndani wake?"

"Mnzake."

Anandiyang'ana kuyambira kudazi mpaka kunsapato. "Mnzake? Pamaliro sindinakuoneni."

"Maliro a ndani?"

"Ha! Mnzake wotani inu? Mwana wake tinaika Lachinayi. Kamtsikana ka zaka ziwiri, kanangotentha thupi masiku awiri basi. Mayi ake a mwanayo abale awo anawatenga, sakudya, sakulankhula. Iye watsala yekha m'chipinda muja."

Ndinagwira tebulo lositirapo, ndipo linali lotentha, koma sindinachotse dzanja. M'khutu mwanga Jakisoni, amene ankamva zonse, anangoti, "Mayo ine."

"Lero anabwera?" ndinafunsa.

"M'mawa. Ndinamuuza kuti apume mwezi wonse, koma anabwera, watigwira chanza tonse mmodzimmodzi, kuthokoza. Kenako wabwereka ayironi yaing'ono n'kumapita. Ine ndinati bola, munthu wobwereka chinthu ndiye kuti akuganiza zobweza." Anandiyang'ananso, ndipo nkhope yake inasintha. "Bwanji? Chachitika n'chiyani?"

Ndinamuonetsa uthenga uja. Anawerenga kawiri, kenako anakuwira mtsikana uja kuti abweretse foni yake msanga, aimbire mlongo wake wa wosita. Mlongoyo anayankha kuti ali kuntchito kutsidya kwa mzinda, afika pakatha ola. Ola! Mayiyo anandikokera pakhomo n'kuloza: kudutsa njanji, geti yachitatu ya buluu, chipinda chakumapeto pafupi ndi mpopi.

Ndinathamanga. Ine munthu wa mimba yanga iyi, amene ndimapuma kawiri pokwera masitepe, ndinathamanga mpaka m'chifuwa munayaka moto. Jakisoni ankalankhula mofulumira m'khutu mwanga.

"Ukam'peza usam'lalikire. Usamuuze kuti alimbe mtima. Um'funse mosabisa ngati akufuna kudzipha, liwulo silipha munthu. Chilichonse chimene wakonza uchichotse m'nyumbamo. Ndipo usam'siye yekha, Dazi, ngakhale atakutukwana, ngakhale atakumenya. Mlongo wake akafika mupite naye kuchipatala, kuli anthu a ntchito imeneyi."

"Nanga ndikapeza kuti..."

"Thamanga, iwe."

Geti ya buluu inali yotsegula. Mkati munali zipinda zisanu ndi chimodzi zoyang'anizana, zingwe zoyanikapo zovala zitadutsa pakati, ndipo mayi wina ankatsuka mbale pampopi. Chitseko chakumapeto chinali chotseka, katani ya pawindo itakokedwa. Mayiyo anati bamboyo alimo, analowa kalekale, ndipo iye wagogoda kawiri kuti awapatse tiyi koma osayankha.

Ndinagogoda. Zii.

Ndinagogodanso mwamphamvu, n'kuyesa chogwirira. Chinali chokiya. Ndinafuna kuitana, koma ndiitane kuti chiyani? Mayi wa kochapira uja anali atatchula dzina lake pa foni, koma pakamwa panga linali lachilendo ngati nsapato ya mwini. Ndipo dzina limene ndinkalidziwa sindikanatha kulitchula pakhomo pamene pachoka maliro.

"Achimwene," ndinatero. "Achimwene, tsegulani."

Palibe chinamveka. Ndinaika khutu pachitseko, koma pachabe. Ndinabwerera m'mbuyo kuti ndichimenye ndi phewa, ndipo m'pamene Jakisoni anati, "Sakukudziwa ndi mawu amenewo. Muuze kuti ndiwe ndani."

Ndinatsamira mphumi pathabwa lija.

"Ndine Dazi."

Mayi wa pampopi anatseka madzi. Panapita nthawi, mwina mphindi imodzi, mwina moyo wanga wonse. Kenako mkatimo munamveka mpando ukukhululuka, ndipo mawu amene ndawamva tsiku lililonse kwa zaka zitatu anatulukira pansi pa chitseko, osadutsa pa waya.

"Mwandipeza bwanji?"

Ndinakhala pansi pasitepe pomwepo. "Sitima ija. Ndi njoka yako ija."

"Bwererani, a Dazi. Mfuti ija mwailandira?"

"Sindikuifuna. Tamvera, ndikufunsa chinthu chimodzi, undiyankhe zoona. Ukufuna kudzipha?"

Sindinkadziwa kuti pakamwa panga, pamene patuluka zonyansa zonse za dziko lino, pangalemere chonchi ndi liwu limodzi.

"Ndimamaliza kaye ntchito ina," anatero.

"Zimene ndinanena dzulo zija, sindinkadziwa za mwana. Ndikanadziwa..."

"Mukanadziwa mukanati pepani." Mawu ake anayandikira, ngati nayenso wakhala pansi kuseri kwa chitseko. "Masiku onsewa aliyense akungoti pepani. Kuntchito pepani, pamsewu pepani, ana a pabwalo pano akandiona amasiya mpira. Ndinalowa gemu dzulo chifukwa ndinkadziwa kuti kumeneko kokha palibe anganene pepani. Ndinkafuna wina anditche galu. Jakisoni atanditcha chidzete ndinamva bwino, a Dazi, ndinamva ngati ndidakali munthu wamoyo."

"Ndiye ine n'kuwononga."

"Inu munangonena mokweza zimene ine ndinkanena chamumtima kuyambira Lachinayi. Usiku umene anayamba kutentha thupi ndinati tidikire kuche. Ndine ndinanena zimenezo, mayi ake ankafuna tipite pompo. Ndiye mutati kadzikhweze, ndinati ngakhale anzanga aona."

Ndinalira. Bambo wamkulu, pakhomo pa eni, mayi wa pampopi akundiyang'ana mbale ili m'manja, ndinalira ngati mwana wotayika pamsika.

"Sindinaone kanthu ine," ndinatero. "Ndine chitsiru chimene chinaluza gemu basi. Mawu amene aja ndimawanena kwa aliyense, ndinawanena kwa Mabuleki Lachisanu chifukwa anagwera m'dzenje. Alibe nzeru mkati, alibe chiweruzo, ndi phokoso. Usawapatse ulemu umene alibe."

"Kwa ine anafika ndi nzeru."

"Ndamva. Ndipo sindingawameze, anatuluka basi. Koma amene anawanena ndi ine, ndipo ndi ine ndemwe ndili pakhomo pako ndikunena kuti usatero. Ngati unamvera Dazi wa dzulo, mverakonso wa lero. Ameneyu wathamanga, ukanamuona."

Ndinachotsa mahedifoni n'kukweza mawu a foni, ndipo Jakisoni analankhula kuchokera m'manja mwanga.

"Ndine Jakisoni. Ana otentha thupi ndimawaona tsiku lililonse, ndipo makolo amene amati tidikire kuche ndi ambiri kuposa amene amathamanga usiku. Ambiri mwa anawo amachira, ena sachira ngakhale afike msanga. Sindikunena kuti zipepuke, sizipepuka lero. Ndikungopempha utsegule chitseko, Dazi akhale nawe mpaka mlongo wako afike."

"Mwamuitana mlongo wanga?"

"Ali m'njira," ndinatero. "Ukwiye nane, palibe vuto. Koma pano sindichoka, ndipo ukapanda kutsegula ndithyola, landilodi wako adzandisumire."

Ndinaimirira, n'kuyamba kuyeza chitseko chija ndi maso, mbali ya loko. Kenako kiyi anatembenuka.

Anali wamtali zedi, wowonda, wamkulu kuposa mmene ndinkaganizira, ndi imvi zingapo m'ndevu. Maso ake anali ofiira koma ouma. Tinayang'anizana ngati anthu amene agundana pakona. Ndinalowetsa phazi pakati pa chitseko ndi felemu, ndipo iye anangoliyang'ana phazilo. Anabwerera mkati, anatenga jumbo yakuda yomanga pakamwa imene inali pansi pa tebulo, n'kundipatsa.

"Iyi ituluke. Usatsegule."

Ndinaipereka kwa mayi wa pampopi, amene anailandira ndi manja awiri n'kupita nayo kunja kwa geti osafunsa funso.

"Lero lokha," anatero iye. "Za mawa sindikulonjeza."

"Mawa ndibweranso."

"Kudzatani?"

"Sindikudziwa. Ndidzaona ndikafika."

Anapatuka kuti ndilowe. Chipindacho chinali chaching'ono, bedi, tebulo, ndi mpando umodzi. Patebulo anali atayala bulangete, ndipo ayironi inali chiimire, kanyali kake kakuyaka. Pampando paja panali mulu wa zovala za mwana, zosita bwino, zopinda mofanana m'mbali zonse monga amapindira za makasitomala: timadiresi, timalaya, tizipewa, mpaka timasokosi tomwe. Pabulangete panatsala kadiresi kamodzi kachikasu, kositidwa theka.

Anaona kumene ndinkayang'ana.

"Katsala kameneka," anatero. "Ndimati ndikakamaliza, ndiye basi."

Anatambasula dzanja kuti agwire ayironi, ndipo ine ndinafika pasoketi iye asanaigwire. Ndinazula pulagi, n'kukulunga waya m'dzanja langa. Kanyali kaja kanazima.

"Kameneka kakhale choncho," ndinatero.

Anayang'ana kadiresiko nthawi yaitali, kenako anakatenga, makwinya ake ali pomwepo, n'kukhala pabedi atakagwira pachifuwa. Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Mpando unali ndi mwini wake, choncho ine ndinakhala pansi pasimenti, msana nditatsamira chitseko.